Masawu a mesitiri Filipe

Sawu loyamba linamumenya Hélio pa tsaya lamanzere, mwiniwake osaliona n'komwe.

Umu ndi mmene a Filipe, mphunzitsi wake wa nkhonya, ankayambira m'mawa uliwonse pabwalo lawo ku Chimadzi: kumugenda ndi masawu ouma kuti aziwazinda. Kale chimunthu chonsecho, cholemera ngati matumba awiri a simenti, chinkangopendeketsa mutu, masawu n'kumagwera kumbuyo. Koma lero kanali koyamba kubwera chichokereni ku Maputo, kumene chibakera cha mnzake chinamugoneka chagada mpaka woyimbira anamaliza kuwerenga.

"Dzuwa landithobwa m'maso, mesitiri," anatero Hélio. "Ponyaninso."

Dzuwalo linali kumsana kwake. A Filipe anaponya lina chakumanja, Hélio analizinda bwinobwino, mtima wake n'kukhalako pansi. Kenako anaponya chakumanzere, mofatsa, ngati akupatsira mwana. Linamugunda pachikope penipeni.

"A dotolo anati diso lamanzereli lichira," Hélio analankhula mofulumira, akudzipukuta thukuta. "Mundipezere nkhonya ina mvula isanagwe, ndikam'bwezere ameneuja. Mphamvu ndikadali nazo, simukuona?"

A Filipe anayang'ana masawu amene anatsala m'manja mwawo. Zaka zonsezi sankalola munthu kudyako ngakhale limodzi, ankati zimenezo n'zida za ntchito. Anagwira chibakera chachikulu cha Hélio, anachifumbatula chala chimodzichimodzi, n'kukhuthuliramo onse.

"Idya, mwanawe," anatero. "Ngokoma chaka chino."