Mawu Otsika Okha pa Nsipe

Obed ndi katswiri wa makompyuta, ndipo pamenepo sindilola munthu kunditsutsa. Kompyuta ya muvidiyo sho yanga pa Nsipe imagwira ntchito osapuma, koma inayamba khalidwe lachilendo: filimu ili mkati, mawu ankangoti zii, kenako n'kubwerera okha.

Obed anafika kutangoda, anthu asanayambe kulowa. Anasintha waya wa sipika, anatseka pulogalamu yoonetsera mafilimu n'kuitsegulanso, anazimitsa kompyuta yonse n'kuiyatsanso. Mawu anadukabe. Wina akanangondigulitsa sipika yatsopano, koma iye anakhala pansi n'kutchera khutu.

"Achimwene, mawuwa sakuduka ayi," anatero. "Akuchita kutsika pang'onopang'ono, ngati mmene timatsitsira wailesi maliro akamadutsa."

Mawu atatsikanso, Obed anaimirira n'kuvula chipewa. Anachivala mawu atabwerera.

"Makinawa alibe vuto," anatero akulongedza zida zake. "Ali ndi ulemu basi."

Ndinamuperekeza panja. Mumsewu munalibe munthu, ndipo sikunkamveka nyimbo ya maliro. Koma masamba aawisi, aja timaika pamsewu pakagwa zovuta, anali atayalidwa bwinobwino mbali zonse ziwiri za khomo langa.

Mkatimo mawu anayambanso kutsika.