Chifuwa cha a Gideoni

Mayi Tisiyenji anakhala pa benchi ya kuchipatala atatchena chitenje chopitira ku maukwati, mano onse pamtunda. Lero ndiye lero! Amuna awo a Gideoni, osuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, anali atapempha okha kuti awaperekeze kukapimitsa chifuwa.

Mzere wonse unali utamva kale nkhaniyo.

"Awatu mkazi wamkulu ndi fodya, ine ndine wachiwiri. Lero adokotala athetsa mitala imeneyi!" Anaseka mpaka kutsamwa, misozi mbwee.

A Gideoni ankangoti khoo! khoo! ngati mbuzi yomeza jumbo, maso ali pansi.

Atalowa, adokotala, mtsikana waulemu wake, anafunsa bambowo kuti akumva bwanji. Koma a Gideoni akanayankhira pati? Mayi anali atalanda kale pakamwa.

"Makhololo m'mawa uliwonse, adokotala. M'chifuwa mumalira likhweru. Ukangosenza ndowa kuchokera pa mjigo, mpweya psiti, mpaka utule kaye panjira."

"Kodi bambowa amatunga madzi?"

"Aa, ndikungofanizira, mwana wanga."

"Nanga inu amayi, mumaphikira kuti?"

Apa ndiye mayi anakhala bwino, kuti adzitame. "M'khitchini mwanga, chitseko chotseka, pazenera ndinatsindira chiguduli. Alamu anga a Ezeliya akangomva fungo la nkhuku, basi abwera, ati kudzapala moto. Ndiye ndimasonkhezera zitsononkho ndi mitengo ya fodya, utsi tolo, ngakhale ntchentche siilowa!"

Adokotala anachotsa chomvera m'chifuwa chimene anali ataika pamsana pa bambo n'kuchiika pa mayi.

"Iii, mwasokoneza! Wodwala ndi uyu!"

"Pumani kwambiri, amayi."

Anayesa. Mpweya unathera panjira.

Adokotala anafotokoza mofatsa kuti utsi wa m'khitchini umawononga mapapo ngati fodya yemwe, njira za mpweya n'kumaphinjika pang'onopang'ono. Anati awatumiza ku chipatala chachikulu akawapime bwino. Ngati ndi matendawo, satheratu, koma mankhwala opopera m'kamwa amathandiza munthu kupuma. Chiguduli chichoke lero lomwe, ndipo aziphikira panja.

"Ndiye a Ezeliya andithera nkhuku," anadandaula mayi. Kenaka analoza amuna awo. "Nanga mfumu ya utsiyi, simuikalipira?"

"Fodyayo asiye ndithu, asanawagwetse. Koma m'chifuwa mwawo sindinamvemo kanthu."

Mayi anatembenuka, maso tong'o. A Gideoni anavula chipewa n'kumachipinda m'manja.

"Amayi, kuyambira dzinja lija ndakhala ndikukupemphani kuti mukapimitse, inu kukana. Ndinaona kuti ulendo wodzandineneza ine wokha ndi umene mungauyende mothamanga. Chifuwachi ndi chanu. Ndinkakumverani m'mawa, n'kumakayeserera kuseri kwa chigafa."