Ufa Woyera Umene Unapha Nkhumba za a Jestina

Panali munthu wina ku Malindi, m'boma la Mangochi, dzina lake a Jestina. Amene anandiuza nkhaniyi akuti nkhumbazo anaziona ndi maso awo.

Gulu la amayi a kutchalitchi linapatsa a Jestina nkhumba yaikazi. Pangano linali loti ikaswa, ana awiri akakula apite kwa mayi wotsatira pa mndandanda. Nkhumba ija inaswa ana asanu ndi mmodzi.

Anawo atasiya kuyamwa, alangizi a ziweto, a Howard, anafika kudzawaona.

"Mayi, gaga yekha amangodzaza mimba," anatero a Howard. "Muziikamo zinyenyeswa za usipa ndi soya. Koma soyayo muzikazinga. Wosakazinga amatsekereza zomanga thupi, zimangodutsa m'mimba osagwira ntchito. Palinso ufa wina wotchedwa laisini, wothandiza kuti chakudyacho chisanduke mnofu. Umenewo ngwapang'ono chabe, ndipo sulowa m'malo mwa chakudya. Musagule wopanda dzina pa paketi. Madzi asamasowe m'khola."

A Jestina anatsatira kwa milungu itatu. Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala. Usipa unasowa, mjigo wapafupi unawonongeka, ndipo kukazinga soya pamoto kutentha kumeneko kunawakwana.

Tsiku lina masana panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wa jekete loyera, chikwama chili kumsana.

"Mayi, mukuvutikiranji ndi utsi? Laisini ndi uyu, wochokera kunja. Mukathira makapu awiri m'ndowa ya gaga, basi. Soya ayi, usipa ayi."

"Nanga paketi ilibe dzina bwanji?" anafunsa a Jestina.

"Tinagula thumba lalikulu, tikungogawa kuti alimi a kumudzi mukwanitse."

"Alangizi anati ngwapang'ono."

Bamboyo anaseka. "Alangizi amaweta nkhumba za m'buku. Ine ndili nazo makumi anayi."

A Jestina anagula mapaketi atatu. Soya anamusiya m'thumba. Madzi ankathira kamodzi patsiku chifukwa ankatunga kutali.

Pa tsiku lachinayi m'mawa anapeza mwana wa nkhumba mmodzi akungozungulira, akugunda mutu ku mitengo ya khola ngati saona. Wina anali gone, akuphupha, thovu lili kukamwa. A Jestina anayesa nambala ya foni imene bambo uja anasiya, koma sinkapezeka. Ndiye anaimbira a Howard.

A Howard anafika pa njinga thukuta lili kamukamu. Anatsegula paketi, n'kunyambita pang'ono, n'kulavula.

"Talawani nokha, mayi."

A Jestina analawa. Unali mchere wosinja wosakaniza ndi ufa wa chinangwa.

"Mchere wochuluka, madzi ochepa, dzuwa ili. Mutu wa nkhumba umasokonezeka," anatero a Howard. "Tizipatse madzi pang'onopang'ono. Tikazimwetsa ambiri nthawi imodzi tizimaliza."

Anayesetsa tsiku lonse. Ana asanu anafa. Anatsala mayi wawo ndi mwana mmodzi wofooka.

Lachinayi lotsatira a Jestina anapita kumsonkhano wa gulu. Anaganiza zonama kuti anali matenda a chigodola, koma anadziwa kuti mawu amenewo achititsa kuti amayi anzawo aphe nkhumba zawo ndi mantha. Anaimirira, anaika paketi patebulo, n'kufotokoza zonse.

Pabenchi lakumbuyo panali a Keti, mayi wamasiye amene anayenera kulandira ana awiri aja. Anali atamaliza kale kumanga khola ndi manja awo. Onse anatembenuka kuwayang'ana.

A Keti anati, "Amnzanga, ngati vuto linali kukazinga soya, bwanji simunandiitane? Ndimakhala nyumba yachitatu kuchokera kwanu. Chiwaya ndili nacho, ndowa ndili nazo."

A Jestina anangokhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Bambo wa jekete loyera sanagwidwe. Akuti akuyendayendabe.

Phunziro: Palibe ufa umene ungalowe m'malo mwa chakudya chokwanira ndi madzi. Musamapatse ziweto zinthu zopanda dzina zochokera kwa munthu wosamudziwa, funsani kaye alangizi. Ndipo ntchito ikakulemerani, uzani anzanu musanafune njira yachidule. Tumizirani aliyense woweta nkhumba amene mukumudziwa, njinga yamoto ija isanaime pakhomo pake.