Tambala wa Pakhomo Pano Ndine

Masiku ano magetsi amagawira nkhuku, osati anthu. Kabokosi ka boma kamene kali pamtengo pafupi ndi khola kakamva tambala akulira, m'kholamo mumayaka magetsi tsiku lonse. N'chifukwa chake mdzukulu wanga Ndaziona amakonzera mawailesi mmenemo. Thebulo lake ndi chitseko chakale, mawaya anatola kudzala.

Tambala wathu atafa ndi chitopa, mwanayo anagwetsa misozi.

"Agogo, ndiwotcherera ndi chiyani mawaya anga?"

"Pukuta m'masomo, iwe."

M'mawa mwake ndinaima pansi pa mtengowo n'kukuwa kuti kokoliriko! M'khola munayaka. Akazi anga anaseka mpaka kukhala pansi.

Pano Ndaziona wapanga kachipangizo kolira ngati tambala.

"Muzipumulako tsopano, agogo."

Ine kukhulupirira mawaya? Ndimadzukabe m'mamawa kukalira ndekha. Ndipo mathadzi amayankha ine, osati kachipangizoko.