Jelle Anatsegula Kachipangizo ka Renske Pamowa

Panali munthu wina dzina lake Jelle, wophunzira pa yunivesite ina kuno ku Netherlands. Nkhaniyi si yopeka ayi, anandiuza ndi amene ankakhala naye nyumba imodzi.

Jelle anali ndi mnzake wa m'kalasi, Renske. Bambo ake a Renske anali atasiya kupalasa njinga chifukwa ankagwa akamaima pa maloboti, ndipo kuno munthu wopanda njinga amangobindikira m'nyumba. Choncho mtsikanayo anapanga kachipangizo kotsitsa timatayala tiwiri njinga ikamaima, n'kutikwezanso ikanyamuka. Nzeru zinali za Renske, Jelle yake inali pakamwa. Anagwirizana zoyambitsa kampani.

Yunivesite inawapatsa chipinda chogwiriramo ntchito komanso mlangizi, Mayi Terpstra. Mayiwo anawachenjeza kuti, "Musaonetse munthu za m'kati mwa kachipangizoka musanakalembetse kuti ndi kanu. Chinthu chikaonekera pagulu, lamulo silichiwerenganso ngati chatsopano."

"Wamva, Jelle?" anatero Renske.

"Iwenso, ukunditenga ngati mwana?"

Lachisanu lina ophunzira amalonda anali pa kamowa kawo ka mlungu uliwonse, Jelle ali pomwepo. Renske anali atapita kukaona bambo ake. Panabwera bambo wina wa jekete labwino, akuti amafunafuna achinyamata anzeru oti aziwathandiza. Atamva za kachipangizoko anaseka.

"Timatayala? Mwana wanga wa ku mkaka ali nato panjinga yake."

Eee, Jelle zinamupweteka! Anathamangira kuchipinda kuja, n'kubwera nako, n'kukamasula pa tebulo pamaso pa anthu onse. Anafotokoza kawaya kalikonse. Bambo uja anajambula pafoni, ena anajambulanso, ndipo mwiniwake Jelle anaika kanemayo pa intaneti kuti osekawo aone.

Lolemba Mayi Terpstra anawaitana onse awiri. Kanema uja anali pa kompyuta yawo.

"Zatha," anatero. "Pano aliyense akhoza kukapanga."

"Ndifufuta pompano!" anatero Jelle.

"Madzi akatayika saoleka, mwana wanga."

Renske sanamutukwane. Akanamutukwana bwenzi zili bwinoko. Anangolongedza zida zake m'katoni n'kutuluka. Nambala ya foni imene bambo wa jekete uja anasiyira Jelle sinayankhidwenso, ndipo chaka chisanathe kampani ina yaikulu inayamba kugulitsa kachipangizo komweko.

Jelle chikumbumtima chinamudya koopsa. Ankati akaona agogo aima bwinobwino pa maloboti, timatayala tili pansi, iye ankayang'ana kumbali. Tsiku lina anakumana ndi Renske poimika njinga pa siteshoni ya sitima. Pothawira panalibe.

"Renske, pepa. Ndinakulakwira kwambiri. Bambo ali bwanji?"

"Akupalasanso," anayankha Renske akukhoma njinga yake. "Ndinakawagulira kachipangizo kaja kusitolo. Wogulitsayo anandikhazika pansi n'kundifotokozera mmene kamagwirira ntchito."



Phunziro: Chinthu chimene mwapanga awiri usachivundukule wekha chifukwa choti wina wakuseka. Kusekedwa kumatha tsiku lomwelo, koma thukuta la mnzako ukalitaya sungalibweze. Mlangizi akati dikira, dikira. Tumizirani wophunzira aliyense amene akupanga chinthu chake, makamaka uja amene pakamwa pake sipachedwa.