Alendo a Bambo Afonso

Ivanildo anali atazula kale makompyuta anayi akale m'loja, sitolo ya intaneti ya Dona Berta, kufupi ndi sitesheni ya Cuamba, pamene nkhalamba ina inalowa n'kukhala pa yachisanu, ya pakona. Zinamunyansa. Iye anachokera ku Nampula kudzaika makina atsopano, osati kudzadikira agogo.

Dona Berta anamuuza kuti awa ndi Bambo Afonso, amene anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu. Lachisanu lililonse amabwera kudzaona tsamba lawo la pa intaneti, limene analipanga okha mu 2003. Akazi awo anamwalira, mwana wawo amene anawaphunzitsa kompyuta anapita ku Joni n'kukhala chete mpaka lero. Chatsala ndi tsambali.

"Ndi zonyansa zenizeni," anatero mayiwo, osatsitsa n'komwe mawu.

Sananame. Tsambalo linali lakuda bii, zilembo zachikasu ndi zobiriwira zikuphethira ngati magetsi a pa bala. Pamwamba kakomboyo, kasitima ka pa njanji kojambula, kankathamanga uku ndi uku kakufuka utsi, kanyimbo kakulira ngati udzudzu. Munali zithunzi zopendekeka za masitesheni, mayina a anzawo a njanji amene anatsogola, mpaka kaphikidwe ka nyemba za m'kampu. Pansi penipeni kanambala kankanena monyada kuti alendo afika 8,412.

Ivanildo anaseka mosabisa. Anawauza kuti zoterezi zinatha ndi makaseti, ndipo masiku ano palibe wanzeru zake angataye nthawi pa chinthu chotere.

"Inu nonse mumachita lendi m'nyumba za eni, zofanana ngati mayunifolomu," anayankha Bambo Afonso. "Ine ndinamanga yanga. Kalelo aliyense ankamanga yake."

Kenako anatsegula malo amene alendo amasiyapo mawu, n'kumuonetsa uthenga wa dzulo, wochokera ku Beira. Mlendoyo analemba kuti mitunduyo ikupweteka maso, koma zimene Bambo Afonso analemba za mlatho wa Lúrio n'zoona. Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. Inati ngakhale a kutali amalinyoza tsambalo ngati Dona Berta, koma pa mlungu sipalephera kubwera mmodzi.

Atatha kuseka, Bambo Afonso anafunsa, mawu atatsika, ngati makina atsopanowo adzatsegulebe tsamba lawo. Ivanildo anayankha ngati akuyankha mwana wa sukulu yamkaka, kuti tsamba silikhala m'bokosi, kompyuta iliyonse imalitsegula. Koma Dona Berta anadula nkhani. Ya pakonayo sichoka.

Apa Ivanildo anawanyoza onse awiri mumtima. Mayi amene anamva kuti amatseka loja masana a Lachinayi lililonse, makasitomala akugogoda panja, lero akukakamira chibokosi choti ngakhale ogula zitsulo zakutha sangachiyang'ane kawiri. Kuumira kwina n'kopanda mutu.

Bambo Afonso anavala chipewa, anatsanzika mwaulemu, n'kutuluka akutchula nambala ija ngati pemphero. Ivanildo sanadikirenso chilolezo. Anagwada kuseri kwa tebulo kuti azule chingwe cha intaneti, koma dzanja lake silinapeze kanthu. Anaunika ndi foni. Bowo lolowetsa chingwecho linali lomatidwa ndi dothi louma la mavu, lakalekale. Anadzutsa mutu. Kakomboyo kaja kankathamangabe.

"Eni ake a intaneti analifufuta tsambalo mu 2009, ine ndinali nditalisunga m'kompyutamo," anatero Dona Berta, maso ali pa mapepala awo. "Chokanipo pamenepo. Lachinayi likubwerali ndine mlendo wa ku Quelimane."