Dzina la Malemu pa Kompyuta

"Ikukanabe," anatero katswiri wa makompyuta atayesanso kulowa mu kompyuta ya mushopu. Pulogalamu yosindikizira inkangonena kuti sikuwapeza makina osindikizira.

Mayi wamasiye anaima pakhomo la shopu ya malemu mwamuna wake. Mlamu wake, amene analanda makiyi maliro asanathe n'komwe, anali thukuta kamukamu, makasitomala akutukwana panja.

"Malangizo ouza kompyuta kumene kuli makina amatseguka munthu akalowa ndi dzina la amene anawasunga," anafotokoza katswiriyo. "Anasungidwa mu akaunti ya malemu ya pa kompyutayi. Ili kuti?"



"Alamuwa anaifufuta dzulo," mayiyo anayankha motsitsa mawu, kenaka n'kutembenukira kwa mlamuyo. "Paja alamu munati chilichonse cha achimwene anu chisaonekenso muno. Kompyuta yakumverani."